Zodiwa ndi Njuchi Zoyera za Pabwinja

Zodiwa ankafuna kulawa uchi wa agogo ake. Uchi wina uliwonse ayi. Iye ankafuna wa agogo basi.

Agogo akewo anali a Kondwelani. Zodiwa sanawaonepo. Iye anabadwira ku Malawi, kumsasa wa anthu othawa nkhondo. Agogo anakana kuthawa. Anatsala kwawo ku Mecanhelas, kutsidya kwa malire, ndi njuchi zawo. Anamwalira nkhondo isanathe.

Mtendere utabwera, Zodiwa anabwerera kwawo ndi makolo ake. Anadutsa malire pa Entre Lagos. Anayenda wapansi mpaka kumudzi. Nyumba ya agogo anaipeza itagwa. Panali pabwinja.

Koma pabwinjapo panali mtengo wa msolo. Pamphanda ya msolowo panali mng'oma. Unali mng'oma wa agogo, chipika chakale chobowoka mkati. Njuchi zinali momwemo.

"Ababa, tidye uchi lero?" anafunsa Zodiwa.

"Ayi, mwanangu," anatero a Alexandre, bambo ake. "Njuchi izi zaona zambiri. Chaka chino tizisiye zipume."

Zodiwa anadikira. Kudikira n'kowawa, koma anadikira.

A Alexandre anamanga nyumba yatsopano chapatali pang'ono. Anapachika ming'oma yatsopano m'mitengo. Njuchi zina zinabwera n'kulowamo.

Kenako kunabwera kuzizira. Mphepo inaomba kuchokera kunyanja ya Amaramba. Udzu unauma. Maluwa anatha. Njuchi zinasiya kuuluka m'mawa.

Kuzizira kutatha, a Alexandre anadzutsa Zodiwa.

"Dzuka, tikazonde njuchi," anatero. "Tikaone zimene zili bwino. Tikaone zimene zafooka."

Kunja kunali nkhungu. Mitengo inkaoneka ngati anthu oimirira. Zodiwa anafunda kapulana, chitenje cha amayi ake.

M'mbali mwa njira munali miyala yopakidwa utoto wofiira. Kuseri kwa miyalayo sikupondedwa. Nkhondo inasiya zinthu zoipa zophulika m'nthaka. Mwana aliyense m'mudzimo ankadziwa zimenezi. Zodiwa anaponda mmene bambo ake ankaponda.

Anafika pa mng'oma woyamba. A Alexandre anagogoda.

Go! Go! Go!

"Odi, eni nyumba!" anatero.

"Wuuuuu!" zinayankha njuchi.

A Alexandre ananyamula mng'omawo mbali imodzi. Unali wolemera.

"Awa ali bwino," anatero. "Chakudya ali nacho."

Anafika pa mng'oma wina. Ulendo uno anagogoda Zodiwa.

Go! Go! Go!

"Odi, eni nyumba!"

"Wuuuuu!"

Zodiwa anaseka. Nawonso unali wolemera.

Kenako anafika pabwinja. Apa nkhungu inali yambiri. Panalibe mbalame yolira. Panali zii.

Mtondo wakale wa agogo unali pansi pa msolo. Zodiwa anakwerapo. Anaika khutu pa mng'oma. Mng'omawo unali wozizira.

Go! Go! Go!

"Odi, eni nyumba!"

Zii.

A Alexandre anagogodanso mwamphamvu.

Go! Go! Go!

"Tswiiii!"

Zodiwa anadumpha. Amenewo sanali mawu a njuchi. Anali mawu aang'ono, owonda, ngati kamwana kolira m'chitsime.

"Ababa, ndani ameneyo?" ananong'ona Zodiwa.

A Alexandre anamukokera pambali. Ananyamula mng'omawo mbali imodzi. Unali wopepuka. Anautula msangamsanga.

"Tiye kunyumba," anatero.

Anauyamba ulendo wobwerera.

Kunyumba a Adelaide, amayi ake a Zodiwa, ankapeta chimanga. Anaona nkhope za awiriwo. Anatula lichero pansi.

"Kwagwanji, bambo a Zodiwa?"

"Mng'oma wa Bambo ukulira," anatero a Alexandre. Anakhala pansi n'kuwerama. "Pamaliro awo ine panalibe. Mwina akudandaula."

A Adelaide anaimirira. Analowa m'nyumba. Anatulukamo ndi kansengwa ka ufa.

Onse atatu anapita pabwinja. Anagwada pansi pa msolo. A Alexandre anathira ufa patsinde. Iyi inali nsembe. A Adelaide anaomba m'manja pang'onopang'ono.

"Pepani, Bambo," anatero a Alexandre. "Tinachedwa kubwera. Koma tabwera. Gonani bwino."

Zodiwa anamva chisoni. Anali asanaonepo bambo ake atagwada.

M'mawa mwake anathira ufa wina. Masana anapita kukaona. Ufa uja panalibe.

Zodiwa anayang'ana pansi. Panalibe mapazi a nkhuku. Panalibe mapazi a mbewa. Panalibe mapazi a munthu.

Anathiranso ufa. Ufa unasowanso. Anathiranso. Unasowanso.

"Ndani akudya ufa?" anafunsa Zodiwa.

"Khala chete, iwe," anatero amayi ake. "Zina sitifunsa."

Tsiku lina masana kunadutsa Che Bwanausi. Iwo ankagulitsa nsomba za ku Amaramba. Dengu lawo linali kumbuyo kwa njinga. Anali munthu wamkulu thupi, wa ndevu zambiri. Ankakonda kunena kuti iwo saopa ng'ona.

Anaima pafupi ndi bwinja. Anapereka moni kwa a Alexandre ndi Zodiwa. Pomwepo kanthu kena kanatera pa chiwongolero cha njinga.

Inali njuchi. Koma inali yoyera. Mutu woyera. Msana woyera. Miyendo yoyera. Mbuu!

Inabweranso ina, yoyera. Inabweranso ina, yoyera. Zinkauluka pang'onopang'ono, popanda phokoso. Zinazungulira msolo. Zinalowa mu mng'oma wa agogo.

"Che Alexandre," anatero Che Bwanausi ndi mawu otsika. "Ine kuno ndiye kwathu. Ndinabadwira konkuno. Koma njuchi zoyera sindinazionepo."

Anakwera njinga. Anapalasa ngati akuthamangitsidwa. Nsomba imodzi inagwa m'dengu, koma sanacheuke. Munthu wosaopa ng'ona uja ndi ameneyo!

Zodiwa anafuna kuseka. Koma atayang'ana bambo ake, kuseka kunathawa.

A Alexandre anayandikira mng'oma. Anagogoda ndi chala chimodzi.

Go.

"Tswiiii!"

"Basi," anatero a Alexandre. "Mng'oma uwu suli bwino. Mawa ndiutsitsa. Ndiutentha."

"Ayi, Ababa! Ndi wa agogo!"

"Ndanena."

Zodiwa analira. Akautentha, njuchi za agogo zifa. Njuchi zikafa, uchi wa agogo sadzaulawa mpaka kalekale.

Madzulo anakana kudya. Amayi ake anakhala naye pakhonde.

"Amayi," anatero Zodiwa, "ufa umasowa ife titachoka. Palibe amene amatsala kuti aone."

"Ndiye?"

"Ndiloleni mawa nditsale."

A Adelaide anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Sukuopa?"

"Ndikuopa," anatero Zodiwa. "Koma anali agogo anga. Angandichite chiyani?"

A Adelaide anapumira m'mwamba.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero. "Ukatsale. Koma osapatuka m'njira. Wamva?"

"Ndamva, Amayi."

Kutacha, a Alexandre anathira ufa womaliza patsinde. Kenako anapita kukamweta udzu wotenthera mng'oma. Zodiwa anatsala yekha.

Anakhala pa mtondo wa agogo. Anadzikulunga ndi kapulana. Anangosiya maso okha.

Nkhungu inamuzungulira. Khoma lakugwa la nyumba linkaoneka bii. Penapake madzi ankadontha. Tho. Tho. Tho.

Kanthu kena kanayenda m'masamba ouma. Tswaa! Zodiwa anadzidzimuka. Anayang'ana. Anali buluzi.

Kanthu kena kanamukhudza paphewa. Zodiwa anatseka maso. Anatsegula diso limodzi. Linali tsamba la msolo.

Miyendo yake inkati, "Tiye tithawe." Koma Zodiwa sanathawe. Anayang'ana ufa. Ufa unali pomwepo.

Dzuwa linakwera. Nkhungu inayamba kuchoka. Kuwala kunafika pa mng'oma.

Pakhomo la mng'oma panatuluka njuchi imodzi. Sinali yoyera. Inali yofiirira, ngati njuchi zonse. Inkayenda mofooka. Inauluka pang'ono. Inatera pa ufa.

Inagubuduka mu ufamo. Inagubudukanso. Inakanda ufa ndi miyendo. Itadzuka, inali mbuu!

Inatuluka ina, yofiirira. Inagubuduka mu ufa. Mbuu!

Inatuluka inanso. Mbuu!

Zodiwa anaponya kapulana pansi.

"Ndinu kodi!" anafuula. "Akuba ufa ndinu! N'chifukwa chake panalibe mapazi!"

Anakwera pa mtondo. Anayang'ana mng'oma mbali zonse. Kumbuyo kwake anaona mng'alu. Chotsekera chinali chitawola. Mpatawo unali waukulu.

Pomwepo a Alexandre anatulukira. Anasenza mtolo wa udzu. M'manja anali ndi chikuni chamoto.

Zodiwa anaima patsogolo pa msolo. Anatambasula manja.

"Ababa, musatenthe! Onani kaye!"

"Choka apo, mwanangu."

"Onani pansipa, Ababa. Chonde."

A Alexandre anayang'ana. Njuchi yofiirira inatera pa ufa. Inagubuduka. Inadzuka ili mbuu.

A Alexandre anatula udzu pansi. Anagwada. Anaonanso ina. Anaonanso ina.

"Maluwa kulibe," anatero pang'onopang'ono. "Zikutenga ufa m'malo mwa mungu wa maluwa. Njuchi izi zili ndi njala."

"Njala basi, Ababa."

"Nanga kulira kuja?"

Zodiwa anayang'ana mng'omawo.

"Kumeneko sindikudziwa," anatero. "Koma moto tili nawo. Udzu tili nawo. Tiyeni tifukize utsi, titsegule, tione."

A Alexandre anavomera. Kenako anamanga kamtolo ka udzu. Anaikamo masamba aawisi. Anayatsa. Utsi unafuka. Utsi umafatsitsa njuchi.

Anauzira utsi pa mng'alu. Anachotsa chotsekera chowola chija. Awiriwo anasuzumira mkati.

Mkati munali mdima. Zisa zambiri zinali zouma. Njuchi zinali zochepa. Zinaunjikana pakona, zikunjenjemera.

Ndipo mumdimamo munali nkhope.

Inali nkhope yaing'ono, yotuwa. Inali ndi maso awiri akuda. Inalibe mnofu. Inali ngati chigaza cha munthu.

Nkhopeyo inasuntha.

"Tswiiii!"

"Mayo!" anakuwa a Alexandre. Anabwerera m'mbuyo.

Zodiwa anagwira malaya a bambo ake. Anagwira zolimba. Ankafuna kutseka maso. Koma anakumbukira maso a nkhono. Anayang'anitsitsa.

"Ababa," ananong'ona. "Chili ndi miyendo."

"Wati chiyani?"

"Chili ndi mapiko. Onani, chawapinda."

A Alexandre anatola kamtengo. Analowetsa mu mng'oma. Chinthu chija chinagwira kamtengoko. Anachitulutsa pa dzuwa.

Chinali chigulugufe! Chinali chachikulu, chonenepa, chodzaza chikhatho. Nkhope ija inali chojambulika pamsana pake. Zodiwa anachikhudza ndi udzu.

"Tswiiii!" chinadandaula.

A Alexandre anayamba kuseka. Anaseka mpaka anakhala pansi. Anaseka mpaka misozi.

"Wakuba uchi uyu!" anatero. "Agogo ako anandionetsa ndili mwana. Amalowa mu mng'oma wofooka. Amamwa uchi. Ukamusokoneza amalira. Ine ndinaiwala. Mantha anandiiwalitsa."

Chigulugufe chija chinatambasula mapiko. Chinauluka mozemba, ngati munthu wogwidwa m'munda wa eni ake. Chinalowa m'tchire.

"Usabwerenso!" anafuula Zodiwa.

A Alexandre anasuzumiranso mu mng'oma. Anauzira utsi pang'ono. Njuchi zinapatukana. Pakati pawo panali imodzi yaitali kuposa zonse.

"Waiona iyo?" anafunsa. "Ameneyo ndi mayi wa njuchi. Ndi amene amaikira mazira. Ngati mayi alipo, banja lidzuka."

Tsiku limenelo sanatenthe kanthu. Anagwira ntchito.

Anachotsa zisa zowola. Anasema chotsekera chatsopano. Zodiwa anakanda dothi. Anamata mng'alu wonse. Pakhomo anasiya kabowo kakang'ono. Kanali kolowa chala cha Zodiwa basi.

"Njuchi ilowe," anatero a Alexandre.

"Wakuba asalowe," anatero Zodiwa.

Anathira phulusa kuzungulira tsinde. Nyerere sizikonda phulusa.

A Adelaide anabwera kudzaona. Anamva nkhani yonse. Anagwira pakamwa. Kenako anaseka nawonso.

"Ufa wokha sukwana," anatero a Alexandre. "Zikufunikanso madzi a shuga."

A Adelaide anagwedeza mutu. M'kachitini munatsala shuga wochepa. Anali wa phala la Zodiwa.

"Tengani," anatero Zodiwa.

"Phala lopanda shuga udzadya, iwe?" anafunsa amayi ake.

"Ndidzadya."

Anasungunula shuga m'madzi. Anathira m'kambale. Anaikamo timitengo kuti njuchi zisamire. Anaika kambaleko pafupi ndi khomo. Njuchi zinabwera. Zinatera pa timitengo. Zinamwa.

M'mawa mwake Zodiwa anadya phala lopanda shuga. Nkhope yake inachita makwinya. Tisaname, phalalo silinakome. Koma anamaliza mbale yonse.

"Nanga ufa?" anafunsa a Adelaide. "Tileke kuthira?"

A Alexandre anaganiza.

"Tisaleke," anatero. "Ufa ndi wa Bambo. Njuchi ndi za Bambo. Iwo akanakhalapo, akanazipatsa ndi manja awo."

Choncho m'mawa uliwonse Zodiwa ankapita pabwinja. Ankayenda m'njira, osapatuka. Ankathira ufa. Ankasintha madzi. Ankagogoda.

Go! Go! Go!

"Odi, eni nyumba!"

"Wu," zinkayankha njuchi ndi mawu aang'ono.

Masiku anapita. Kunja kunatentha. Mitengo ya mombo inaphuka masamba ofiira. Kenako inachita maluwa.

Njuchi zoyera zinayamba kuchepa. Tsiku lina Zodiwa anapeza ufa uli pomwepo. Palibe anaukhudza. Anayang'ana pakhomo la mng'oma. Njuchi zinkalowa ndi miyendo yachikasu. Zinkatuluka. Zinkalowa. Zinali zambiri.

Anathamanga kukaitana bambo ake.

Go! Go! Go!

"Odi, eni nyumba!"

"Wuuuuuuuu!"

A Alexandre anaika khutu pa mng'oma. Mng'omawo unali wofunda. Anakhala choncho nthawi yaitali. Misozi inatsika m'masaya mwawo.

"Ababa, zakulumani?"

"Ayi, mwanangu," anatero. "Ndi mawu omwe aja. Umu ndi mmene unkalirira ndili mwana."

Ananyamula mng'omawo mbali imodzi. Unali wolemera.

Mvula yoyamba itagwa, nthawi ya uchi inakwana. Onse anapita pabwinja. Che Bwanausi nawonso anabwera. Koma njinga yawo anaiyang'anitsa kunjira, mwina pangafunike kuthawa.

"Zoyera zija zilipo?" anafunsa.

"Zinasamba, Che Bwanausi," anatero Zodiwa.

Onse anaseka. Che Bwanausi anaseka kuposa onse.

A Alexandre anafukiza utsi. Anatsegula. Anadula chisa chimodzi. Zina zonse anasiyira njuchi.

Dontho loyamba anathira patsinde pa msolo.

"Landirani, Bambo," anatero. "Njuchi zanu zili moyo."

Kenako anatembenukira kwa Zodiwa.

"Tsegula pakamwa, mwini wake."

Zodiwa analawa. Uchiwo unali wakuda. Unali wofunda. Unkanunkhira utsi ndi maluwa a mombo. Unatsekemera mpaka m'makutu.

Amayi analawa. Ababa analawa. Che Bwanausi analawa, uchi n'kudonthera m'ndevu.

Zodiwa ananyambita zala. Anakwera pa mtondo wa agogo. Anaika tsaya pa mng'oma. Anagogoda pang'onopang'ono.

Go. Go. Go.

"Odi, agogo," ananong'ona. "Ndine Zodiwa, mdzukulu wanu. Uchi wanu ndalawa. Zikomo."

"Wuuuuuu," unayankha mng'oma.

Ulendo uno palibe anathawa.